Maola anayi amene sitiphunzitsa ana athu

M'midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira ndi Malindi kukafika ku Salima ndi Nkhotakota, mwana amamva za thupi lake m'malo atatu. Ku jando kapena ku nsondo amalandira mwambo wa ukulu. Ku madrasa amaphunzira twahara, kusamba kwa janaba ndi malire a halali ndi haramu. Kusukulu, m'phunziro la Life Skills, amamva za kutha msinkhu, za mimba zosakonzekera ndi za kachilombo ka HIV. Aphunzitsi a malo atatuwa akhala akulozana zala kwa zaka zambiri, aliyense kunena kuti mnzake ndiye akuononga ana. Koma pali cholakwa chimodzi chimene onse amachita mofanana. Amaphunzitsa ngati kuti ana onse ali ndi thupi limodzi, lathanzi, lokula pa nthawi yake, limene vuto lake ndi chilakolako basi. Mwana wobadwa ndi matenda a sickle cell amakhala pa mphasa yomweyo ndi anzake, namvetsera zonse, koma amatuluka osamva liwu ndi limodzi lomwe lonena za thupi limene iyeyo ali nalo. Kukhala chete kumeneku kukuononga mabanja amene sadayambe n'kumangidwa komwe.

Sickle cell ndi matenda a m'magazi amene mwana amabadwa nawo. Sapatsirana pogonana kapena podyera mbale imodzi, ndipo sachokera kwa mfiti. Maselo ofiira a magazi, amene amanyamula mpweya wabwino kupita nawo m'thupi lonse, mwa munthu wabwinobwino amakhala obulungira ndi ofewa, ndipo amakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120. Mwa wodwala sickle cell amapindika ngati zenga, kapena ngati mwezi wa tsiku loyamba umene timaufunafuna kumadzulo poyamba Ramadhan. Amauma, amamatirira, ndipo amafa pakangopita masiku 10 mpaka 20. Kufa msangako ndiko kumabweretsa kuchepa kwa magazi ndi chikasu m'maso. Kupindikako ndiko kumatseka timitsempha ting'onoting'ono, ndipo pamene patsekeka pamabuka ululu woti munthu wamkulu n'kulira. Kuzizira, ludzu, malungo ndi ntchito yolemetsa ndizo zimautsa ululuwu kawirikawiri. Dokotala James Herrick wa ku Chicago adalemba za matendawa mu 1910, ndipo mu 1954 Anthony Allison, atafufuza kum'mawa kwa Africa, adaonetsa kuti amene adatenga mbewu ya matendawa kwa kholo limodzi lokha amatetezekako ku malungo oopsa. N'chifukwa chake mbewuyi idachuluka m'madera a malungo ambiri. Amene amaudziwa udzudzu wa kunyanja asaganize kuti iyi ndi nkhani ya ku Nigeria kokha.

Pa mavuto onse a matendawa, pali limodzi limene limabisidwa kuposa ena. Madokotala amalitcha priapism. Chiwalo chachimuna chimadzuka n'kuuma popanda chilakolako chilichonse, n'kukana kugwa, chifukwa magazi alowa koma maselo opindika aja atseka njira yotulukira. Chimapweteka kwambiri. Kawirikawiri vutoli limayamba usiku kapena mbandakucha, limagwira ngakhale ana amene sadathe msinkhu, ndipo mwa amuna atatu alionse odwala sickle cell, pafupifupi mmodzi amakumana nalo pa moyo wake. Nthawi zina limabwera kwa mphindi zingapo kapena ola limodzi n'kutha lokha, n'kubweranso usiku wina. Kumeneko ndi kugogoda kochenjeza, ndipo nako n'koyenera kukanena kuchipatala. Koma likapitirira maola anayi, magazi otsekeredwawo amakhala atatha mpweya, ndipo minofu yam'kati imayamba kuonongeka. Likadutsa tsiku lathunthu kapena awiri, minofuyo imasanduka chipsera, ndipo ambiri amene zawachitikira chonchi sathanso ntchito ya m'banja moyo wao wonse.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chithandizo chilipo. Pa ola loyamba, kunyumba komwe, wodwala amwe madzi ambiri, ayese kukodza, ayendeyende, asambe madzi ofunda ndi kumwa mankhwala opha ululu. Madzi ozizira asawayerekeze. Kuchipatala amaletsa ululu, amapopa magazi otsekeredwawo ndi jekeseni, nabaya mankhwala othandiza kuti chiwalocho chibwerere mwakale. Nkhani yonse yagona pa nthawi. Kwa ife amene chipatala chachikulu cha boma chili kutali, ndipo ulendo wake ndi wa kabaza ndi kalata ya kuchipatala chaching'ono, maola anayi ndi malire oti munthu akhale atafika. Ulendo uyambike ola lachiwiri lisanathe.

Tsopano taganizirani mnyamata wa zaka 14 amene wadzidzimuka ndi ululu umenewu pakati pa usiku, ndipo tifunse zimene maphunziro athu atatu adamusiyira. Ku ndagala adamva kuti mwamuna salira, ndiponso kuti za kumaliseche sauza amayi. Ku madrasa adangomva kuti zoterezi zimadza ndi maganizo oipa, choncho akudziona wochimwa, ndipo mbandakucha athamangira kunyanja kukasamba, m'nyengo ya mwera, m'madzi ozizira amene aonjezera moto. Kusukulu adamva kuti kudzuka kwa chiwalo n'chizindikiro cha kukula ndipo kumatha kokha. Akayesa kufunsa akuluakulu ake pa doko, amene amatafuna gondolosi pofuna mphamvu yomweyo, amuseka kuti ali ndi mwayi. Choncho akhala chete, atapinda miyendo, mpaka amayi ake aone tsiku lachiwiri kuti mwana sakuyenda. Pamenepo payamba manong'onong'o akuti adalowa m'nyumba ya mwini wake n'kukodwa ndi mankhwala, ndipo ulendo woyamba ukhala wa kwa sing'anga. Akulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife tidamuphunzitsa mwanayu kuti chitseko chimenechi satsekula. Zaka khumi zikadzapita, mudzi womwewo udzamunena kuti adagwa m'papaya, osakumbuka usiku umene udamulanda banja.

Jando ndi mwambo wathu, ndipo mdulidwe ndi Sunnah imene palibe Msilamu angaipeputse. Anakanga ndi alombwe amaphunzitsa ulemu, kupirira ndi ukhondo, zinthu zimene sukulu siitha kuzipereka chimodzimodzi. Koma tiyeni tione mmene ndagala imakhalira kwa mwana wa sickle cell. Imachitika m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti, nthawi yozizira. Anamwali amagona m'zisakasa, amasamba mmamawa, ali ndi bala, ndipo kudandaula kumatengedwa ngati mantha. Chilichonse mwa zimenezi chingathe kuutsa ululu, ndipo thupi la mwana wotere silimbana bwino ndi matenda olowera pa bala. Kodi ndi angaliba angati amene amafunsa makolo za thanzi la mwana asanagwire mpeni? Ndipo ndi makolo angati amene amabisa, poopa kuti mwana wao abwezedwa n'kusanduka choseketsa? Mwana wotere adulidwe kuchipatala, achipatala atadziwa matenda ake, ndipo mwambo akaulandire ali ndi chofunda, madzi akumwa ndi mlombwe wodziwa zizindikiro zoopsa.

Palinso zinthu ziwiri zimene zimamuchititsa manyazi mwanayu pakati pa anzake, pamene zonse ndi za matendawa. Choyamba ndi kukodza pogona. Impso za wodwala sickle cell sizisunga madzi bwino, motero amakodza pafupipafupi, ndipo ena amanyowetsa mphasa mpaka atakula. Chilango chimene ambiri timapereka, chomumana madzi madzulo, ndicho chimamuitanira ululu. Chachiwiri ndi kuchedwa kukula. Ana ameneŵa amatha msinkhu mochedwa, kawirikawiri ndi zaka ngati ziwiri, koma nthawi yao imafika ndithu. Mawu amodzi a nakanga onena kuti matupi sakula tsiku limodzi akadachotsa mtolo waukulu pa mtima wa mwana.

Mtsikana naye ali ndi mtolo wake. Ku nsondo amamulangiza za ukhondo wa kumwezi ndi za ulemu wa m'banja, koma anzake akayamba kusamba iye asanayambe, amayi a m'mudzi amayamba kunong'ona za uchumba mwana akadali pasukulu. Akayamba, ena amapeza kuti ululu wa m'mafupa umabwera limodzi ndi msambo, ndipo amauzidwa kuti mkazi aliyense amapirira. Choopsa chachikulu chimadza ndi pakati. Mayi wa sickle cell akhoza kubereka bwinobwino, ndipo ambiri amabereka, koma ali pa chiopsezo chokulirapo cha kuchepa magazi kwambiri, kuthamanga kwa magazi, kuundana kwa magazi m'mitsempha, kupita padera ndi kubereka mwana wosakwana masiku. Ayenera kuyamba sikelo msanga, kuulula matenda ake kwa anamwino, kumwa folic acid tsiku ndi tsiku, kugona m'neti, ndi kukachirira kuchipatala kumene angathe kumuonjezera magazi. Mapiritsi a ayironi asamangomwa asanamuyeze, chifukwa kuchepa kwa magazi ake sikuchokera ku chakudya. Amene akumwa hydroxyurea, mankhwala amene amachepetsa ululu wa matendawa, akambirane ndi dokotala asanatenge pakati, ndipo mwamuna amene akumwa mankhwala omwewa adziwe kuti angathe kuchepetsa mbewu zake. Pa nkhani ya kulera, njira zopanda estrogen, monga jekeseni ndi zoika pa mkono, ndizo achipatala amazisankha kawirikawiri kwa mayi wotere. Tili ndi litiwo, mwambo wolangiza mayi wa mimba yoyamba. Malo abwino onenera zonsezi kuposa amenewo kulibe, koma anankungwi athu sadauzidwepo.

Pena mwambo umachita kusocheretsa ndithu. Mwana wobadwa ndi sickle cell amaoneka wathanzi m'miyezi yoyamba. Akafika miyezi ngati 6, chizindikiro choyamba chimakhala kutupa ndi kupweteka kwa manja ndi mapazi. Koma ife tidalangizidwa kuti mwana akatupa ndiye kuti wasemphedwa, kuti mmodzi mwa makolo adayenda njira zosayenera. Mlandu umayamba pa bwalo mwana akulira m'nyumba. Mayi wosalakwa amanyozedwa, bambo wosalakwa amathamangitsidwa pa chikamwini, ndipo Msilamu amanamizira Msilamu mnzake chiwerewere popanda mboni, tchimo limene chipembedzo chathu chimaliika m'gulu la machimo akuluakulu.

Za sukulu tinene mwachilungamo. Phunziro la Life Skills lidakula m'nyengo ya mliri wa Edzi, ndipo lidathandiza ana ambiri kudziwa njira zimene kachilomboka kamafalira. Koma chifukwa cha chiyambi chimenechi, limaona zoopsa za kugonana ngati zinthu zobwera kuchokera kunja chifukwa cha khalidwe. Mwana amene vuto lake lili m'magazi obadwa nawo mulibe malo ake m'menemo. Nkhani ya zotengera kwa makolo imadikira sayansi ya ku sekondale, m'Chingerezi, kumene ana ambiri a kumudzi safikako, ndipo amene afikako amailoweza kuti akhoze mayeso, osadziwa kuti ikunena za msuwani wao.

Komabe chidzudzulo chachikulu chigwere ife eni, m'madrasa ndi m'mizikiti, chifukwa ife tilibe chowiringula. Mabuku a fiqh amene mashehe athu adaphunzira amanena za umuna, za msambo ndi za magazi a uchembere mosapita m'mbali. Umm Sulaym adafunsa Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye) ngati mkazi ayenera kusamba akalota maloto a m'banja, ndipo adayankhidwa bwinobwino osadzudzulidwa. Mayi Aisha adayamikira akazi a Chiansari chifukwa manyazi sadawaletse kufunsa za chipembedzo chao. M'madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri kuno timatsata, muli khomo lonse la zilema zimene zimalola kuthetsa ukwati, ndipo mwamuna wolephera ntchito ya m'banja amapatsidwa chaka chimodzi mkazi asanaloledwe kumasuka. Choncho Sharia ikudziwa kulemera kwa vutoli pa banja. Zingatheke bwanji kuti tizidziwa malamulo othetsera ukwati wa munthu wotere, koma osaphunzitsa maola anayi amene akadaupulumutsa? Hayaa ndi nthambi ya chikhulupiriro, koma hayaa ndi kuchita manyazi ndi tchimo. Kubisa matenda mpaka chiwalo kufa ndi umbuli umene tauveka mkanjo.

Mwalimu sakufunika kukhala dokotala. Pophunzitsa za kusamba kwa janaba, aonjezere kuti kudzuka kopweteka, kopanda chilakolako, ndi matenda osati tchimo. Kuti ngati palibe chatuluka palibenso kusamba kokakamizidwa. Ndipo kuti mwana akadzutse bambo kapena amjomba ake nthawi yomweyo. Pophunzitsa za udhu, anene kuti madzi ofunda ndi ololedwa, ndipo amene madzi angamupweteke ali ndi tayammum. Pophunzitsa za swaumu, akumbutse kuti Surat Al-Baqarah idapereka chilolezo kwa odwala. Mnyamata amene wangotha msinkhu amafunitsitsa kusala ngati akuluakulu, koma tsiku lathunthu lopanda madzi lingathe kumugwetsa, choncho afunse achipatala ndi shehe Ramadhan isanafike.

Phunziro lomaliza ndi la nikah. Munthu amene adatenga mbewu ya sickle cell kwa kholo limodzi sadwala; amalima, amapalasa bwato, amabereka, ndipo sangadzidziwe popanda kuyezetsa. Koma awiri otere akakwatirana, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa, iwiri woti angonyamula mbewu ngati makolo ake, ndi umodzi woti asatenge kanthu. Sizitanthauza kuti mwa ana anayi mmodzi yekha ndiye adzadwale. Maere amagwa mwatsopano pa mimba iliyonse, motero banja lina lidzakhala ndi odwala atatu, lina popanda. Apa zikuonekeratu kuti mwana wodwala adatenga kuchimuna ndi kuchikazi komwe, ndipo mawu akuti magazi oipa ndi a kwa mayi ndi bodza. Ukwati wa pachisuwani ndi wololedwa, ndipo makolo athu ankaukonda, koma ngati mbewuyi ili m'mtundu, asuwani awiri ali ndi mpata waukulu woti onse akhale nayo. Dziko la Saudi Arabia lidakhazikitsa mu 2004 lamulo loti ofuna kukwatirana aziyezetsa sickle cell ndi thalassaemia. Lamulolo sililetsa ukwati. Limangofuna kuti awiriwo asankhe akudziwa. Ife tidazolowera kale kuyezetsa HIV tisanamange banja. Ankhoswe ndi mashehe akadafunsanso za ichi, makamaka m'mabanja amene adataya ana aang'ono chifukwa cha kuchepa magazi kobwerezabwereza.

Pano boma nalo lili ndi gawo lake pa mlanduwu. Ana obadwa kumene sayezedwa onse, ndipo zoyezera sizipezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse. Zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zimaona ana a matendawa, ndipo ndondomeko ya PEN-Plus, imene maiko a mu Africa adaivomereza pansi pa WHO mu 2022, ikufuna kufikitsa chisamaliro chotere ku zipatala za m'maboma. Koma chithandizo chimafika msanga kumene anthu akuchifunsa, ndipo anthu safunsa chimene sadachimvepo.

Alipo amene anganene kuti kuuza ana zoterezi n'kuwadzutsira chilakolako. Koma kuuza mnyamata kuti ululu wa pa chiwalo chake ndi matenda sikumuphunzitsa chiwerewere, monganso kumuphunzitsa za janaba sikumutuma kukachimwa. Ena angaope kuti kuyezetsa kudzasiya ana athu aakazi osakwatiwa. Mantha ameneŵa ndi oona, ndipo kumene anthu adayezetsa popanda kuphunzitsidwa, kusalana kudabukadi. Yankho lake ndi kuphunzitsa zonse: wonyamula mbewu si wodwala, ndipo akakwatirana ndi munthu wa magazi abwinobwino palibe mwana amene angabadwe ndi matendawa. Zotsatira za kuyezetsa ndi amana ya awiriwo, si nkhani ya pa chitsime. Enanso anganene kuti zonse ndi Qadar. Inde, ndi Qadar. Koma Khalifa Umar atamva kuti ku Sham kwagwa mliri adabwerera pa njira, ndipo adafotokozera anzake kuti kupewako nakonso kuli m'kati mwa chikonzero cha Allah.

Zofunika kuchita si zodula. Mashehe, angaliba, anankungwi ndi alangizi a zaumoyo a m'mudzi akhale pansi ndagala zisanatsegulidwe, agwirizane mawu ochepa oti aliyense azinena pa malo ake. Tsiku la 19 Juni, limene United Nations idalipatula mu 2008 kuti likhale lokumbukira matendawa, limagwa kutatsala milungu yochepa kuti jando ayambe. Khutba ya Lachisanu loyandikana nalo ingathe kufika makutu amene chipatala sichingawafikire. Ndipo inu bambo kapena amjomba amene muli ndi mwana wa maso achikasu, wochepa thupi, wodwaladwala mafupa, musadikire khutba. Muitanireni pambali lero lomwe, mumuuze dzina la vutoli, mumuuze za maola anayi, ndipo mumuuze kuti likadzamugwira, kaya ndi pakati pa usiku, adzagogode pa chitseko chanu ndipo simudzamufunsa kuti wachita chiyani. Allah ndiye Wodziwa koposa.